"Sanandigonjetse, wandimana kusewera": mkangano wa madeki m'magemu a makhadi

Kuseri kwa msika ku Nchalo kuli kashopu kotchajitsa mafoni, ndipo pakhonde pake ndi pamene timakumana dzuwa likapendeka. Mu Okutobala kuno kuchigwa nyumba ya malata imasanduka ng'anjo, choncho khondelo ndilo bwalo lathu. Timakhalapo anthu 6 kapena 7: wina wa kabaza, awiri odula nzimbe, wina wodikira zotsatira za Fomu 4, ndi ine amene ndawaposa onse zaka. Timasewera Yu-Gi-Oh! pafoni, ndipo tilinso ndi mpukutu wa makhadi apepala amene mlamu wa mmodzi wa ife anabwera nawo kuchokera ku Joni.

Tsiku lina mphwanga wa kabaza uja anavundikira foni yake pabenchi gemu isanathe. Nditamufunsa ngati waluza, anati, "Achimwene, kuluza ndimaluza tsiku ndi tsiku ndipo sindidandaula. Koma uyu sanandigonjetse. Wandimana kusewera." Munthu amene anakumana naye pa intaneti ndiye anayamba, n'kumatsitsa makhadi motsatizana kwa mphindi zambirimbiri, batire ikutsika, mphwangayo manja ali m'khosi. Utafika ulendo wake, khadi lililonse limene anaponya linazimitsidwa lisanagwire ntchito. Mnzathu wodula nzimbe anamuyankha kuti, "Gemu yake ndi imeneyo aise. Ukanakhala iwe ukanamumvera chisoni?" Anatsutsana mpaka mwini shopu anakoka chitseko.

Mawu a mphwangayo ndawasunga, chifukwa mkangano wonse umene osewera makhadi amtunduwu akhala nawo kwa zaka zoposa 30 wagona pamenepo. Koma ndiyambe ndi akuluakulu amene akatidutsa amati ana awa ayamba njuga. Pa makhadi 52 amene aliyense amawadziwa aja, osewera onse amagawiridwa kuchokera pa mulu umodzi. Kuno sizili choncho. Aliyense amabwera ndi mulu wake umene wausankha yekha, khadi ndi khadi, pakati pa makhadi masauzande ambiri amene kampani inasindikiza, ndipo khadi lililonse lili ndi mawu onena ntchito yake: ili ndi chilombo chomenya, ili limapha chilombo cha mnzako, ili limakutolera makhadi ena. Mulu umenewo ndiwo deki. Gemu yoyamba yamtunduwu inali Magic: The Gathering, imene katswiri wa masamu Richard Garfield anapanga, ndipo kampani ya Wizards of the Coast inaitulutsa mu 1993. Deki yake imayambira pa makhadi 60, khadi limodzi silipitirira makope 4, ndipo munthu amayamba ndi moyo wa mapointi 20, umene ukatha ndiye kuti waluza. Makhadi a Pokémon anatuluka ku Japan mu 1996, a Yu-Gi-Oh! mu 1999 pansi pa kampani ya Konami. Mu Yu-Gi-Oh! deki imakhala ya makhadi 40 mpaka 60, makope osapitirira 3, moyo 8000. Ambiri a ife tinailowa kudzera pa Master Duel, Yu-Gi-Oh! yosewera pa intaneti, imene inabwera pamafoni ndi makompyuta mu 2022.

Pa bawo anthu awiri amayamba ndi nkhomo zofanana, 32 aliyense. Ukadyedwa, umadziwa kuti mnzako wakuposa kuwerenga maenje, ndipo palibenso wina womuloza chala. Pa makhadi theka la nkhondo limamenyedwa munthu ali yekha kunyumba, posankha zoti alowetse mu deki. Ndiye ukagonja pamakhala funso losautsa: wandiposa nzeru ndi munthuyu, kapena ndi mulu umene wanyamula? Madandaulo onse amatumphuka kuchokera pa funso limeneli.

Madeki alipo osawerengeka, koma mitima yake ndi yochepa. Woyamba ndi umene osewera amautcha aggro, deki yothamanga. Imadzaza makhadi osafuna zambiri kuti uwaponye, zilombo zing'onozing'ono zotsika msanga, n'cholinga chomaliza mdani asanakhazikike. Mu Magic mbiri yake imayambira mu 1996, pamene Paul Sligh anachita bwino pa mpikisano ndi deki yofiira imene Jay Schneider anakonza. Anthu ankaiseka chifukwa makhadi ake ambiri ankaoneka achabechabe, koma chinsinsi chake chinali chakuti pa ulendo uliwonse inali ndi choponya, osatayako mpata ngakhale umodzi. Dandaulo la anthu pa deki yotere ndi lakale ngati dekiyo: amati ilibe nzeru, ngakhale mwana angaisewere, ukungotaya makhadi patebulo basi. Ine dandaulo limeneli sindilivomera. Amene anasewerapo deki yothamanga amadziwa kuti mpweya wake ndi waufupi. Ukalakwitsa kamodzi, kumenya pomwe umayenera kusunga, makhadi amakuthera m'manja ndipo umangodikira imfa.

Palinso chifukwa china chimene madeki othamanga amachulukira pafoni, ndipo ife a kuchigwa timachimvetsa kuposa aliyense. Tiyerekeze kuti deki yothamanga imapambana magemu 55 pa 100 alionse, gemu iliyonse mphindi 5, pamene deki yodekha imapambana 60 pa 100 koma gemu yake imadya mphindi 15. Pa ola limodzi woyamba asewera magemu 12, wachiwiri 4. Ngakhale wachiwiriyo ali ndi deki yabwino koposa, wokwera msanga pa mndandanda wa osewera opambana pa intaneti ndi woyamba uja. Tsono onjezerani pamenepo kuti foni watchajitsa ndi ndalama, bandulo wagula ya tsiku limodzi, magetsi atha kuzima nthawi iliyonse, ndipo netiweki ikaduka pakati pa gemu akuwerengera kuti waluza. Mnyamata wosankha deki yothamanga pano sikuti alibe nzeru. Wawerengera thumba lake.

Mtima wachiwiri ndi control, deki yoletsa. Iyi sithamangira kupha. Ntchito yake ndi kukana: ukatsitsa chilombo imachipha, ukaponya khadi imalizimitsa, ukadzaza bwalo imasesa lonse ndi khadi limodzi, uku ikudzitolera makhadi ambiri kuposa iwe. Ikaona kuti manja ako auma, m'pamene imatulutsa chinthu chimodzi chokumaliza pang'onopang'ono. Brian Weissman anatchuka ndi deki yotere m'zaka zoyambirira za Magic, moti anthu ankangoitchula kuti The Deck, ngati kuti kulibenso ina. Iye anaonetsa dziko mfundo imene osewera onse amaitsata lero, yakuti khadi lako limodzi likadya makhadi awiri a mdani, wayamba kale kupambana ngakhale moyo wake usanatsike. Makhadi abuluu mu Magic ndiwo amadziwika ndi khalidweli, makamaka lija lotchedwa Counterspell, limene ntchito yake yonse ndi kunena kuti ayi.

Palibe mtundu wa deki umene umadedwa ndi ongoyamba kumene ngati umenewu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Munthu wasunga khadi lake lalikulu kwa maulendo 5, mtima uli m'mwamba, akuliponya, mnzake n'kungoti ayi ngati mlonda wapageti. Chilombo chako chikafera pankhondo umati chinamenyako. Chikakanidwa pakhomo umamva ngati wanyozedwa. Pamalamulo zinthu ziwirizi n'zofanana, khadi limodzi lapita ndi khadi limodzi, koma mumtima sizifanana m'pang'ono pomwe. M'bale wake wa deki yoletsa ndi imene amaitcha mill, dzina lochokera ku khadi lakale la Millstone, kutanthauza mphero. Iyi sikhudza moyo wako. Imapera deki yako, kutaya makhadi ako kumanda, mulu wa makhadi otayidwa, usanawatole, chifukwa m'magemu onse atatu aja munthu amene nthawi yotola yakwana koma deki yake yatha, waluza. Anthu amapsa mtima kuona khadi lawo lokondedwa likugwera kumanda, chonsecho khadi limenelo likanatha kukhala pansi penipeni pa deki osatoledwa mpaka gemu kutha. Chimene chimapweteka ndi kuliona.

Mtima wachitatu ndi umene unavundikiritsa foni ya mphwanga: kombo. Apa makhadi angapo amalumikizana ngati unyolo, ili kuitana lija, lija kudzutsa lina kumanda, mpaka wosewerayo apambane nthawi yomweyo kapena amange linga losagumuka. Mu Magic nyengo ya kumapeto kwa 1998 kulowa 1999 imakumbukiridwa ndi dzina lakuti Combo Winter. Makhadi a gulu la Urza's Saga, monga Tolarian Academy, analola anthu kupambana pa ulendo woyamba kapena wachiwiri, osewera ambiri anagwa ulesi, ndipo mu Malichi 1999 khadi la Memory Jar linaletsedwa mwadzidzidzi litangotuluka kumene.

Koma kwawo kwenikweni kwa kombo ndi Yu-Gi-Oh!, ndipo pali chifukwa cha m'mapangidwe a gemuyo. Mu Magic khadi lililonse lamphamvu limafuna kulipiridwa ndi mana, ndalama ya m'gemumo yoponyera makhadi, amene amawonjezeka pang'onopang'ono ulendo ndi ulendo, moti zinthu zazikulu zimachedwa kufika. Mu Pokémon chilombo chimafuna makhadi a mphamvu chisanamenye. Yu-Gi-Oh! ilibe chingwe chotere. Lamulo limati utsitse chilombo chimodzi mwa njira wamba pa ulendo, koma njira yapadera ilibe malire, ndipo makhadi amakono pafupifupi onse amadutsira kumeneko. Zotsatira zake n'zakuti woyamba kusewera atha kuchoka pa khadi limodzi n'kufika pa bwalo lodzaza ndi zilombo zimene chilichonse chili ndi ayi wake. Ndipo si mwayi wa apo ndi apo. Mu deki ya makhadi 40, ngati muli makhadi 12 oyambitsa unyolo, mwayi woti limodzi lipezeke mwa 5 oyamba m'manja ndi pafupifupi 85 pa 100. Wachiwiri amalowa gemu atamangidwa kale.

Mankhwala amene opanga anabweretsa ndi makhadi oponya kuchokera m'manja pa ulendo wa mdani, odziwika kwambiri ndi Ash Blossom & Joyous Spring la mu 2017, limene limadula unyolo munthu akamafuna kutola khadi mu deki. Koma mankhwalawa anabala mkangano wina. Khadi limene uli nalo makope 3 mu deki ya 40 limapezeka m'manja oyamba pafupifupi kamodzi pa magemu atatu. Choncho kuti udziteteze umayenera kudzaza deki ndi makhadi oterewa ambiri, ndipo malo a makhadi amene umawakondadi amachepa. Madeki a anthu osiyana amayamba kufanana theka lonse.

Pamwamba pa onse pali Maxx "C", limene pakhonde lathu timangolitcha mphemvu chifukwa cha chithunzi chake. Ukaliponya, nthawi iliyonse imene mdani watsitsa chilombo mwa njira yapadera pa ulendo umenewo, iwe umatola khadi. Mdaniyo amatsala ndi njira ziwiri, zonse zowawa: aime pomwepo bwalo lili pululu, kapena apitirize n'kukudzazira manja. Ku America ndi ku Ulaya linaletsedwa mu 2018, koma ku Japan ndi pa Master Duel linapitirira kuloledwa, moti gemu imodzi inakhala ndi malamulo awiri pa khadi limodzi. Olikonda amati popanda mphemvu a kombo sangagwirike. Odana nalo amati a kombo nawonso amaliika mu deki yawo, ndiye akamanga linga lawo n'kuponyanso mphemvu pa ulendo wako, wafa kawiri. Ine ndili mbali ya achiwiriwa. Khadi limene aliyense amayenera kukhala nalo, n'kuwonjezanso makhadi ena ongolizimitsa, lasiya kukhala mankhwala.

Palinso gulu lina limene limayankha kombo mwa njira yakeyake. Amati ngati iwe ukufuna kusewera wekha kwa mphindi 10, ine nditseka mpopi kuti pasapezeke wosewera. Amenewa ndi madeki a stun, odalira makhadi okhala pabwalo n'kuletsa mbali yonse ya gemu. Skill Drain, mwachitsanzo, ukalipira moyo 1000 limazimitsa mphamvu za zilombo zonse zoonekera pabwalo. Mystic Mine linkaletsa amene ali ndi zilombo zambiri kumenya kapena kugwiritsa ntchito mphamvu zake, moti magemu ankangoima anthu akutola makhadi mpaka wina deki imuthere. Linaletsedwa kumaiko a azungu kumapeto kwa 2022. Kalekale kunali Yata-Garasu, kakhwangwala kofooka koma kakakujompha kamodzi sutola khadi ulendo wotsatira, ndipo ngati manja ako ali opanda kanthu gemu yathera pomwepo ngakhale moyo uli wodzaza. Kanaletsedwa mu 2004. Chochititsa chidwi n'chakuti wa kombo ndi wa stun amadana koopsa, aliyense kunena mnzake kuti akuwononga gemu, chonsecho mlandu wawo ndi umodzi. Onse akufuna kuti mnzawo asasewere. Amasiyana poti wina amatenga mphindi 10 kumanga khomo, wina amalitseka ndi khadi limodzi. Pa Master Duel zimapweteka kwambiri chifukwa mumakumana gemu imodzi yokha. Pa mipikisano ya makhadi apepala mumasewera mpaka wina apambane kawiri, ndipo pakati pake umaloledwa kusinthako makhadi kuchokera pa 15 osungira pambali, n'kulowetsa oyankha chimene chakuvuta. Pafoni mpata umenewo palibe. Ndalama yachitsulo ikagwera mnzako, iye ndiye amasankha kuyamba.

Gemu ikakhala yathanzi, mitima itatu ija imakhala ngati mafuwa. Wothamanga amapha woletsa asanakonzeke, woletsa amadula unyolo wa kombo, wa kombo amamaliza wothamanga amene alibe chomuletsera. Mphika umakhala bwino chifukwa palibe fuwa loposa linzake, ndipo pakati pawo pamakhala madeki apakatikati otenga pang'ono uku ndi uku. Chithunzi chonse cha madeki amene akuseweredwa kwambiri pa nyengo inayake ndi chimene amachitcha meta, ndipo chimayenda ngati mitengo ya pamsika wa ng'ombe ku Ngabu: chikachuluka ichi, anthu amabwera ndi chochigonjetsa, nachonso chikachuluka pamabwera china.

Nditamvetsera mikangano yambiri, ndaona kuti munthu akamati "deki imeneyi ndi yoipa" amakhala akunena chimodzi mwa zinthu zitatu zosiyana, ndipo timakangana mpaka usiku chifukwa sitizilekanitsa. Choyamba n'chakuti yandigonjetsa. Limeneli ndi dandaulo la ululu chabe, ndipo limatha munthu akagona. Mtima wa munthu umasunga gemu imodzi imene anaphedwa pa ulendo wachiwiri, n'kuiwala magemu 4 amene deki yomweyo inatola makhadi osagwirizana n'kufa yokha. Osewera Pokémon TCG Pocket, imene inatuluka mu Okutobala 2024, analira kwambiri ndi khadi la Misty, limene umaponya ndalama mpaka igwe mbali yolephera, n'kupatsa chilombo cha m'madzi mphamvu imodzi pa kugwa bwino kulikonse. Theka la nthawi khadilo silipereka kanthu, ndipo kugwa bwino katatu motsatizana kumachitika kamodzi pa 8. Koma amene anakumana ndi kamodzi kameneko sakaiwala.

Chachiwiri n'chakuti ndatopa kuiona. Deki itha kukhala yosapitirira mphamvu, koma ngati pa magemu 10 wakumana nayo ka 6, gemu ya makhadi masauzande yasanduka ya makhadi 40. Nsima ya mapira ndi mlamba ndi chakudya chabwino, koma palibe amene amafuna ndiwo imodzi mwezi wonse.

Chachitatu ndi cha mphwanga uja, chakuti sindinasewere. Ili ndilo dandaulo limene ndimaliona lolemera, ndipo silikhudzana ndi kuchuluka kwa magemu amene dekiyo imapambana. Ngakhale itamapambana theka lokha, ngati theka limenelo mnzako sanapange chisankho ngakhale chimodzi chimene chikanasintha kanthu, ndiye kuti sanali wosewera, anali woonerera. Pa bawo munthu atha kutakata ulendo wautali nkhomo zikuzungulira, iwe ukudikira, koma umadziwa kuti ndiwe unamusiyira mpata umenewo pa ulendo wako wapitawo. Apa munthu wamangidwa asanagwire n'komwe khadi. Kwa amene ali ndi magetsi osazima ndi intaneti yosatha, mphindi 10 zimenezo ndi zongonyansa. Kwa mnyamata amene wapalasa njinga kuchokera m'mawa, dzuwa la kuchigwa lili paliwombo, n'kupatula kandalama ka bandulo, ndi chinthu chimene walipira koma sanalandire.

Tsono mlandu ndi wa yani? Apa m'pamene ndimasiyana ndi mphwangayo, chifukwa iye mkwiyo wake amautula pa munthu wosewera dekiyo. Amati ndi wamantha, wokopera, alibe zakezake. Kukopera madeki a akatswiri pa intaneti kwakhala kukunyozedwa kuyambira m'ma 1990, koma ine sindiona cholakwa. Palibe amene anabadwa akudziwa bawo. Tonse tinaonera madala pansi pa mtengo wa bwemba n'kuba mayendedwe awo. Ndiponso amene amakopera kwambiri ndi wosauka, osati wolemera. Pa Master Duel, kuti upange khadi limodzi la mtundu wapamwamba umayenera kuphwanya atatu a mtundu womwewo. Munthu wosalowetsa ndalama amasonkhanitsa miyala yaulere, yogulira makhadi m'gemumo, kwa milungu kuti amange deki imodzi. Angayese bwanji zongopeka? Amafufuza imene yatsimikizika kale n'kuikapo zonse. Woyesayesa madeki achilendo ndi amene ali ndi zotaya.

Mark Rosewater, mmodzi wa akuluakulu opanga Magic, anagawa osewera m'magulu atatu amene anawapatsa maina: Timmy amasewera kuti amve kukoma kwa zilombo zikuluzikulu, Johnny amafuna kuonetsa luso lake lolumikiza makhadi, Spike amafuna kupambana. Pakhonde lathu onse atatu alipo. Mphwanga wa kabaza amakonda zinjoka zake zakale zimene ankaziona pa katuni ali mwana. Wodula nzimbe uja akufuna kukwera mndandanda. Akamakangana aliyense amaganiza kuti mnzake akusewera molakwika, pamene zoona zake n'zakuti akhala pa benchi imodzi koma akusewera magemu awiri.

Wosewera amangotola chida chimene chaikidwa patebulo. Woika chidacho ndi wopanga makhadi, ndipo iye ali pakati pa moto uwiri. Kampani imakhala ndi moyo pogulitsa makhadi atsopano, ndipo khadi latsopano siligulidwa ngati siliposa lakale. Magic ndi Pokémon amachepetsa vutoli popumitsa makhadi akale pa mipikisano yawo ikuluikulu pakapita zaka zingapo. Mu Standard, mtundu wa mpikisano wa Magic wolola makhadi atsopano okha, kuyambira 2023, khadi limakhala zaka pafupifupi 3. Yu-Gi-Oh! sipumitsa makhadi, choncho mphamvu imangokwera chaka ndi chaka, ndipo chogwirira chokhacho ndi mndandanda wa makhadi oletsedwa ndi ochepetsedwa. Fuwa limodzi likatalika mphika umapendama. Zinachitika ndi Tearlaments kumapeto kwa 2022, deki imene inkatha kusewera ngakhale pa ulendo wa mdani, n'kudzaza mipando yapamwamba ya mipikisano mpaka inadulidwa mapiko mu Febuluwale 2023. Mu Magic zinachitika mu 2011, pamene Jace, the Mind Sculptor ndi Stoneforge Mystic analetsedwa, ndi mu 2019, pamene Oko, Thief of Crowns, khadi losandutsa chilombo chilichonse cha mdani kukhala nyama wamba ya m'tchire, linaletsedwa pasanathe miyezi iwiri chitulukireni. Mu 2024, poletsa Nadu, Winged Wisdom, opanga ake anavomera poyera kuti analisintha mochedwa ndipo silinayesedwe mokwanira. Zimenezi zikutiuza kuti odandaula sakhala olira chabe nthawi zonse. Kangapo konse iwo ndi amene anayamba kuona utsi.

Koma walira mvula walira matope. Khadi likaletsedwa, pali munthu amene anagulitsa kanthu kuti aligule, kapena anasonkhanitsa miyala mwezi wathunthu, ndipo m'mawa umodzi deki yake yasanduka mapepala. Nthawi zambiri woyamba kugula amakhala atadyerera kale. Wopwetekeka ndi amene anafika mochedwa chifukwa ankasonkha pang'onopang'ono, ndiye kuti anthu ngati ife. Ndipo mfumu ikachotsedwa, wachiwiri wake amakhala pampando, madandaulo n'kuyambiranso pa dzina latsopano. Mkwiyo wa zoletsa unafika poipa mu Seputembala 2024, pamene kagulu ka anthu ongodzipereka kamene kankayang'anira Commander, mtundu wa Magic wa makhadi 100 umene anthu amakonda kusewera anayi, kanaletsa makhadi 4 kuphatikizapo Mana Crypt ndi Jeweled Lotus, amene anali okwera mtengo. Ena mwa okwiya anafika potumiza mauthenga owopseza, ndipo pasanathe masiku ambiri kaguluko kanapereka udindo wonse m'manja mwa kampani. Nkhani imeneyi imandimvetsa chisoni nthawi zonse ndikaikumbukira, chifukwa anthu amenewo ankayesa kuyankha dandaulo lomwe lija la kumanidwa kusewera, ndipo anawathamangitsa ndi osewera anzawo.

Komabe ku Commander komweko n'kumene ndinatengako chinthu chothandiza. Kumeneko kuli mwambo woti anthu asanayale makhadi amayamba akambirana: deki yako ndi yamphamvu bwanji, tikufuna gemu yaukali kapena yocheza, pali makhadi amene sitikuwafuna patebulo pano? Nkhanga zinapangana kusanache. Pa mndandanda wa pa intaneti sungapangane ndi mlendo, ndipo amene walowa kumeneko alowe akudziwa kuti akumana ndi chida chilichonse chololedwa. Koma pakhonde, kaya ndi makhadi apepala kaya ndi chipinda cha anzako okhaokha pafoni, malamulo ali m'manja mwathu, monga mmene bawo la mudzi uno limasiyanirana pang'ono ndi la tsidya lina la Shire popanda wokadandaula kwa mfumu.

Ndiye Loweruka lotsatira ndinabwera ndi chikatoni cha sopo n'kuching'amba mbali imodzi, ndipo tinalemba. Pakati pa sabata aliyense asewere chimene akufuna. Loweruka ndi tsiku la khonde: mphemvu ayi, makhadi otseka mpopi ayi, ndipo tizisewera mpaka wina apambane kawiri kuti wogonja apeze mpata wosintha makhadi. Wa kombo aloledwa, koma amene wayamba gemu yoyamba, yachiwiri asankhe ndi mnzake. Mphwanga anafuna kuti tiletsenso deki yothamanga ya wodula nzimbe uja. Ndinamufunsa kuti, "Ikamakugonjetsa, umakhala utaponya makhadi ako kapena ayi?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati amaponya. Dzina la dekiyo silinalembedwe.

Wodula nzimbeyo sanakondwe ndi lamulo la mphemvu. Anati tikuphunzitsa ana gemu yofewa, ndipo akadzalowa pa intaneti adzadyedwa ngati anapiye. Mfundo yake ili ndi mutu, ndipo tinagwirizana kuti chikatonicho tidzachionanso nzimbe zikatha kudulidwa. Panopa chapachikidwa pamsomali pamwamba pa mawaya otchajira, ndipo pansi pake wina wawonjezera ndi bolopeni yofiira dzina la khadi lina limene sitinakambirane. Loweruka likubwerali tiyambira pamenepo.